Kafoni ka m'dirowa ya amayi

Ndikakumbukira Anti Noella, ndimamva fungo la waya wopserera losakanikirana ndi la penti ndi nsomba zouma, fungo lomwe linkatulukira pansi pa chitseko chawo n'kudzaza njira yonse ya m'nyumba yathu yosanja ku North York, mumzinda wa Toronto. Anali mtsikana wa ku Congo, koma anakulira kumsasa wa othawa kwawo ku Dzaleka, ndiye Chichewa ankachiyankhula bwino kuposa ine wobadwira konkuno. Ntchito yawo inali yophwasula mafoni akufa n'kusokerera timawaya ndi tizitsulo take pachinsalu chachikulu mpaka patatuluka nkhope ya munthu. "Mkuwa uwu ndi wakwathu," ankatero, "ndikungoutenganso." Amayi ankawatcha otoleza zinyalala, komabe mandasi ankawatumizira.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, Anti ankakonzekera chionetsero chawo choyamba ndipo mafoni anawachepera. Ine, pofuna kutamandidwa, ndinatsegula dirowa ya amayi n'kutenga kafoni kakale kosweka galasi, kokulungidwa m'kampango. Nditawapatsa Anti, atandifunsa ngati amayi avomera, ndinati eya, osaphethira n'komwe.

Loweruka m'mawa amayi atabwera kuchokera kushifiti yausiku, ndinamva madirowa akukhuthulidwa. "Tadala, foni ija waiona? Muli mawu a agogo ako mmenemuja." Agogo anamwalira ku Dedza amayi asanapeze mapepala opitira kumaliro, ndipo chomwe chinatsala ndi mauthenga awo a mawu. Sindinkadziwa kuti Loweruka lililonse amayi ankaitchaja foniyo n'kumamvetsera atatseka chitseko. "I don't know, Mum," ndinayankha.

Sabata yonse ine chakudya sichinkatsika. Amayi anafufuza m'masutikesi, m'matumba a majekete achisanu, mpaka kuchipinda chotayirako zinyalala atavala magolovesi akuntchito. Sanalire, ndipo zimenezo n'zimene zinkandiopsa kwambiri. Kuseri kwa khoma kahamala ka Anti kankangoti go, go, go, ine ndili phee pabedi, ndikudziwa chimene chikuswedwa.

Lachisanu nditaweruka kusukulu ndinakagogoda. Kafoni kaja kanali katakwera kale pachinsalu, kabolodi kake kam'kati kobiriwira katasokedwa pansi pa diso lamanzere la nkhopeyo. Ndinaulula zonse uku ndikusisima. Anti anatsitsa chitini cha mabisiketi chodzaza timaenvelopu, kalikonse kolembedwa dzina la amene anabweretsa foni. M'kanga munali kakhadi ka m'foni ija, kochepa ngati chikhadabo.

"Ine ndimatenga mkuwa wokha, zam'katizi n'za eni ake," anatero. "Foni yomwe munali mawu a mayi anga anatilanda panjira tikuthawa, ndiye izi sinditaya. Koma usasangalale msanga. Sindikudziwa ngati mawuwo ali pakhadipa kapena anali m'foni momwemo. Tiye, ukawauze ndi pakamwa pako."

Amayi anamvetsera ataimirira, osandiyang'ana. Kakhadiko kanawapulumuka m'manja kawiri, mpaka Anti anakalowetsa okha m'foni yatsopano ya amayi. Tinadikira. Panatuluka zithunzi, nyimbo zakwaya, kenako uthenga umodzi. Kunamveka mphepo, nkhuku, ndiye mawu: "Halo? Kaya chikujambula chimenechi. Tadala wadya?"

Mauthenga ena onse anapita ndi foni, ndipo ndinawawononga ndine. Amayi sanandimenye. Uthenga wotsalawo anaumvetsera katatu, n'kuuza Anti kuti, "Khalani, tidye."

Lero zojambula za Anti Noella zimapachikidwa m'maholo akuluakulu mkati mwa Toronto, ndipo nkhope ya kabolodi kobiriwira ija anaigula munthu amene sadziwa chomwe chinali mmenemo. Ine uthenga uja ndinausunga malo atatu, ndipo ndimadzidzimukabe ndikapapasa m'thumba osapeza foni. Agogo sindinakumanepo nawo. Koma ndikakhala ndekha ndimautsegula, n'kuyankha mokweza m'Chichewa changa chopotokachi: "Ndadya, agogo."