Tsiku limene ndinaima pakhomo

Analipo tsiku limenelo ndi awa: ine mwini nyumba, mayi akunyumba, alamu anga a ku Thekerani amene sakhulupirira chinthu asanachigwire, akuluampingo awiri, mayi wina wogulitsa nthochi ku Masambanjati, ndi mwana wanga wamwamuna, kompyuta ili pamiyendo.

Ndinawaitana ndine kuti adzaone ntchito ya mwana wangayu. Anthu ankanena kuti mnyamatayu sukulu inangomuwononga, amangokhala m'nyumba anzake akuthyola tiyi. Alamu anali atamupezera kale malo ku esiteti, ndipo iye anayamba kufooka, akuti mwina angovomera. Ine kapitawo wakale ndinakana, ndipo kukana kwanga kunamveka kutsidya kwa mtsinje.

Ntchito yakeyo anandilongosolera. Pali pulogalamu yakale yowerengera mvula ndi masamba a tiyi. Imathamanga kwambiri, koma anaisandutsa kale kukhala chilankhulo cha makina okhaokha. Anthu a masiku ano amalemba m'chilankhulo china chofewa, koma chochedwa pa masamu. Iye ankamanga kachidutswa kokhala pakati, kolandira manambala kuno, kukapereka uko, n'kubweretsa yankho. Ndinati imeneyo ndi ntchito yanga yakale: manijala Chingelezi, othyola Chilomwe, ine pakati.

Onse atakhala pansi, anadina batani. Panatuluka zilembo zofiira. Kuwerenga sindidziwa kwenikweni, koma kufiira ndimakudziwa.

"Alamu, wailesiyi yakana," anatero a ku Thekerani. "Dengu lothyolera tiyi likumudikira Lolemba."

Mnyamata anandinong'oneza kuti pulogalamu yakale imawerenga manambala motsika, pamene yatsopano imawapereka mopingasa, ndiye sizikumvana. Anafuna kutseka kompyuta. Anthu anayamba kufunafuna nsapato.

Ndinaimirira n'kukaima pakhomo penipeni. "Palibe akutuluka muno! Mayi, tenthetsani tiyi wina." Ndinayamba kufotokoza za chaka chimene matalala anawononga masamba, za thirakitala imene inagwera m'khwawa, za njoka imene ndinaipha ndi chipewa. Akuluampingo anati njokayo chaka chatha inali yaifupi. Ndinati imakula. Mayi wa nthochi anaseka mpaka kukhetsa misozi. Cha kumbali ndinkangomva zala za mnyamata zikugogoda pa kompyuta, kusiya, kugogodanso. Mawu anayamba kusasa koma sindinasiye.

Kenako ndinamva kuti, "Ababa, bwerani."

Zofiira zija kunalibe. Anadinanso, manambala anadzaza galasi lonse alamu asanatsitse kapu pakamwa. Alamuwo anayang'anitsitsa, anagwira kompyuta ndi chala kuti aone ngati yatentha, kenako anati malo a ku esiteti aja akapatsa mwana wa mlongo wawo wina.

Alendo atapita ndinakhala pakhonde, pakhosi pakuwawa. Mwana wanga anabwera ndi madzi, nakhala pambali panga.

"Ababa, ine pa zofiira paja ndinali nditasiya. Koma inu munatseka khomo, ndiye ndikanatulukira pati?"