Phiri la Mchenga ku Chelstone

Aneba athu ku Chelstone, mdala wojambula zithunzi za mapasipoti, ndi okhawo amene amasangalala magetsi akathima. Amatulutsa kamera mwapang'onopang'ono n'kuilozetsa ku nyenyezi, pamwamba pa mulu wa mchenga wa omanga nyumba womwe iwo amautcha phiri. Kukwera mapiri enieni akwawo ku Mpika, mawondo anawakaniza kalekale.

"Nyenyezi sizifuna changu," amatero. "Kamera iziyang'ana mpaka ikhute."

Lachiwiri lapitali ndinaima nawo. Atangodina batani, makomo onse anakuwa kuti, "Malaiti yabwela!" Nyenyezi zinazimirira, chithunzi chinatuluka choyera mbee.

Anapinda miyendo ya kamera osadandaula. "Ba neba, zaka zonsezi nijambula nkhope za anthu oyenda kutali. Ine nikali pano pamchenga."