Mayi amene ndinkawavinitsa pa maukwati a eni

Ndinayamba kujambula maukwati zaka zimene makaseti ankagonja kwa madisiki. Ndinali ndi kamera imodzi ya batire losachedwa kutha, ndi kompyuta yogula kwa munthu, imene ndinkaisunga m'kachipinda kuseri kwa golosale pa Phalombe. Batire likathera pakati pa mwambo, kanema ankatsala ndi mpata, ndipo eni ukwati samva zifukwa. Ndiye ndinaphunzira kuika zigamba. M'kompyutamo ndinkasunga tizidutswa todula ku maukwati akale: phiri la Michesi litavala mtambo, manja akuwomba, mapazi akuwutsa fumbi. Ndinkadula pomwe nkhope ikufuna kuoneka, kachidutswako n'kukamata pampatapo. Phazi la kwa Mkhumba silisiyana ndi la kwa Kaduya.

Koma kachidutswa kamodzi ndinalephera kukadula nkhope. Munali mayi ena athupi, a duku lobiriwira, amene ndinawajambula pa ukwati wina kwa Mkhumba. Ankavina atasenza lichero, kenako n'kutembenukira kamera, n'kuseka mpaka usinini poyera. Sindinkawadziwa, koma ndinkawakonda zedi. Ukwati ukakhala wozizira, wa anthu ovina ngati achita kuwakakamiza, ndinkangowaponyamo mayiwo, basi kanema n'kudzuka. Anavina maukwati ambiri osaitanidwa.

Chaka china ndinajambula ukwati kwa Kaduya, batire n'kundichita chipongwe akwati akutuluka m'tchalitchi. Ndinamata zigamba monga mwa masiku onse. Loweruka lotsatira masana ndinapalasa njinga kukapereka disiki, ndipo banja lonse linadzazana pabalaza, atabwereka wailesi ya kanema ndi batire la galimoto kwa aphunzitsi. Aliyense akadziona ankakuwa. Mayi a lichero aja atangotulukira, nyumba yonse inangoti zii. Mkwatibwi anagwira pakamwa n'kuthawira panja akulira.

“Achimwene, mwatani kodi?” anandinong'oneza mayi amene ndinayandikana nawo. “Awotu ndi mayi ake a mkwatibwi. Tinawaika m'manda dzinja lathali.”

Kuvinitsa malemu pa ukwati wa mwana wawo! Ndinadziwiratu kuti pofika mawa dera lonse likhala likunena kuti wakanema uja amadzutsa mizimu, ndipo palibe adzandiitanenso ngakhale ku chinkhoswe. Ndinakagwada pafupi ndi bambo a mkwatibwi, mkulu wowonda amene anali pampando wa ndalema, n'kuulula zonse, zigamba zanga ndi ulesi wanga womwe.

“Pepani bambo, ndalakwa. Ndikawachotsa lero lomwe.”

“Mukachotse ndani?” anafunsa osandiyang'ana n'komwe. “Tabwezani pamenepo.”

Ndinabweza. Anati ndibwezenso, ndipo ulendo uno anasendeza mpando kufupi ndi kanemayo.

“Lichero limenelo ndinagula ndine,” anatero. “Ankati pa ukwati wa mwanayu adzavina mpaka miyendo itupe. Pakhomo pano chithunzi chake tilibe, kupatula cha pachitupa chovotera, chimene akuonekapo ngati wayambana ndi wojambula.” Anatuma munthu kukaitana mkwatibwi kuti adzaone mayi ake akuseka. Mtsikanayo anabwera n'kukhala pansi, atatsamira mwendo wa bambo ake.

Mtima wanga unali utayamba kukhala m'malo pamene mkuluyo anatembenukira kwa ine.

“Koma mwafupikitsa, mwanawe. Mkazi ameneyu akayamba kuvina sankasiya msanga. Kwinako kuli kuti?”

Ine ndinali nditadula timasekondi tochepa tokha, timene tinkandithandiza pantchito. Kwinako, nyimbo yonse yathunthu imene mayiwo anavina, kunatsala pakaseti, ndipo pakasetipo ndinali nditajambulapo kale ukwati wina. Ndinawauza zoona, manyazi atandigwira kuposa poyamba paja. Anasisita mutu wa mwana wawo.

“Chabwino,” anatero. “Bwezaninso tomwe tilipoto.”