Sikelo ya pakhonde yandibwezera mwana m'chipinda

Ndinapempha chinthu chimodzi chokha pachipatala paja: musamuuze mwana wanga kulemera kwake. Chimodzi basi. Anakulengeza pakhonde ngati akuitanira malonda a nandolo.

Sindine munthu wodandaula pagulu. Dzina la chipatalacho sinditchula. Ndi cholipira, chili m'mbali mwa msewu wopita ku Limbe, eni ake adzizindikira okha.

Mwana wanga Esinati ali ndi zaka 26. Chibwerereni ku Limbe, kumene ankasoka zovala, amadziona wonenepa. Mikono yatsala ngati bango, koma akaima pagalasi amadzitsina pamimba n'kumalira. Chakudya amapatsa nkhuku mobisa. Mayi ake anatisiya, ndiye ndine ndimakhala naye pamkeka kumunyengerera phala, supuni imodziimodzi. Kuyambira dzinja ndakhala ndikumupempha kuti tikaonane ndi adokotala. Lachiwiri lapitali anavomera. Anati, "Ababa, ndipita chifukwa cha inu. Koma asandikweze pasikelo." Ndinamulonjeza.

Tinakwera kabaza ku Mbombwe, tinafika cha m'ma 8 koloko. Ndinamusiya pabenchi, ndinalowa ndekha chipewa chili m'manja, n'kufotokozera anamwino zonse motsitsa mawu. Anati sikelo ndi lamulo, aliyense amakwera, koma amukweza chofulatira, nambala saiona ndipo saimva. Ndinatuluka kukamuuza. Esinati anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anavula nsapato.

Sikeloyo ili pakhonde, pomwe anthu amafola. Woyeza ndi bambo wina wansangala, wolemba amakhala mkati pawindo. Ndiye woyezayo amafuula nambala kuti mnzakeyo amve. Anamwino aja sanawauze kanthu. Woyeza anafuula nambala. Wapawindo uja anayang'ana m'buku la Esinati n'kuyankha mokuwa kuti nambalayo yakwera kuyerekeza ndi chaka chatha. Woyeza anaseka: "Eee achemwali, mwanenepatu! Ababa akukudyetsani bwino. Musasiye!" Amayi apamzere anavomereza, wina mpaka kuwomba m'manja.

Ndikudziwa, kwathu kuno mawu amenewo ndi oyamikira. Bambo uja sindikumuda. Koma nanga mkati muja ndinakalankhula ndi khoma?

Kenaka tinalowa kwa adokotala. Iwo sanamufunse Esinati funso ngakhale limodzi, ankalankhula ndi ine ngati ndabweretsa mbuzi yodwala. Anamuyeza magazi, anati kachilombo alibe, ndiye vuto palibe. Anati anthu akugona ndi njala m'midzimu, awa akukana chakudya? Anati ndi matenda a m'tauni, a pafoni, ndimupezere mwamuna achira. Anatipatsa mapiritsi oonjezera chilakolako cha chakudya. Munthu woopa chakudya mukumupatsa mankhwala oti azimva njala? Sukulu yake ndi iti imeneyo?

Ndipo ine ndinati zikomo. Ndinagwira chigongono, ndinalandira mapiritsi, ndinati zikomo adokotala. Mwana wanga ali pomwepo, akumva. Ndinaleredwa kuti munthu wa ntchito yake sumutsutsa pamaso, koma ulemu umenewu walipira ndi Esinati.

Panjira analankhula kamodzi kokha: "Munalonjeza, ababa."

Lero ndi Loweruka. Chitseko cha chipinda chake ndi chotseka, phala ndikumalipeza pakhomo litazizira. Ndapemphera, Mulungu andikhululukira, koma mwanayu sakudya.

Eni chipatala, ndiyankheni. Kulowetsa sikelo m'chipinda n'kovuta? Kulemba nambala mwakachetechete kumafuna ndalama za boma? Ngati matenda a maganizo simuwadziwa, bwanji osangonena kuti sitidziwa, pitani kwakuti?

Amene mukudziwa dokotala womvetsa matendawa, kuno ku Chiradzulu kapena ku Blantyre, ndiuzeni. Ndiyamba ndapita ndekha kukamumva kalankhulidwe kake.

Ndipo inu a mpingo ndi anansi, tsiku limene Esinati adzatuluke, chonde musadzanene kuti waonda, musadzanene kuti wanenepa. Mudzangoti, "Mwadzuka bwanji, Esinati?"