Davison ndi Nyemba za ku Wenya

Annie anayamba kumuzindikira Davison tsiku limene bamboyo anapukutira nsapato zake katani ya pakhomo. Annie, mayi wamasiye wosalankhulalankhula, ankatayipa ndi kusindikiza mapepala m'kashopu kena pa Boma la Chitipa. Anangoyang'ana katani ija n'kumeza mate.

Davison anali mwana wa mphunzitsi wa ku Dedza amene anatumizidwa kuno kalekale. Anagwirapo ntchito ku bungwe lina. Bungwelo linatseka, koma chiphaso chake ankachikolekabe m'khosi, n'kumadzitcha katswiri wa kafukufuku wa malonda.

Gulu la amayi a ku Wenya linamutuma kuti awafufuzire msika wabwino wa nyemba. M'gululo munali Chrissy, mlamu wake wa Annie, amene chaka chimenecho analima nyemba zokhazokha. Davison kumsika sanapondeko, ngakhale phokoso lake linkamveka m'shopumo. Anakhala tambalale pa benchi, akukukuta chimanga chowotcha ndi kulavulira pansi, uku akulamula AI ya m'foni mwake.

"Iwe, ndilembere lipoti. Nyemba, Chitipa, msika wabwino. Masamba khumi."

AI inafunsa mtundu wa nyembazo, mwezi wogulitsa, ndiponso mmene alimiwo amanyamulira katundu.

"Kakufunsa ngati apolisi a pa bodala! Ingolemba."

Lipoti linatuluka, likuloza ku Karonga. Koma kumapeto AI inalemba kuti mitengo ya masiku ano ya kumeneko sikuidziwa, choncho munthu akafunse kaye amalonda asananyamule thumba ngakhale limodzi.

"Amama, ndime iyi mufufute," anatero Davison popereka lipotilo kwa Annie. "Mulembe kuti ndacheza ndi amalonda makumi atatu."

"Mwacheza nawo liti, adada?"

"Inu yanu ndi yotayipa."

Annie anaona m'maganizo Chrissy atasenza thumba, akuyenda wapansi kukafika pamsewu chifukwa cha bodza la munthu wokhuta chimanga. Anasindikiza lipotilo momwe linalili, osafufuta kanthu. Davison analilandira n'kusirira chikuto, pamene panali dzina lake m'zilembo zikuluzikulu. Mkati sanatsegulemo.

Amayi a ku Wenya, pepala lililonse amaliwerenga mokweza pagulu mpaka mzere womaliza. Atamva ndime ija, anatuma Chrissy ku Karonga chimanjamanja. Anakapeza nyemba zitadzadza msika, ogula akuchita kunyada. Matumba a amayiwo sanachoke m'nyumba, ndipo Davison anauzidwa kuti asadzaonekenso ku Wenya.

Lolemba anatulukira ku shopu, fumbi mpaka m'mawondo. Annie anafulumira kupinda katani.

"Foni kundipereka, inunso kundiyalutsa. Munthu adye chiyani, amama?" Anapuma, n'kuvula chingwe cha m'khosi n'kuchiponya patebulo. "Basi, zapita. Mundisindikizireko chiphaso china, ichi chafwifwa."