Tayala losaphwa ndi mkwatibwi wa eni ake

Inu owerenga, ine ndinatsala pang'ono kupha mwana wa eni ake pa tsiku la ukwati wake. Sunali mowa, silinali liwiro, koma tayala limene ndinkalitama paliponse. Dzina langa lisiyeni, a ku Area 25 amene analipo andizindikira okha.

Kunali kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndinkasunga katundu pa bungwe lina lakunja, ndipo bwana wanga wachizungu pobwerera kwawo anandigulitsa galimoto yake. Pondipatsa makiyi anandionetsa matayala n'kunena kuti ndi amtundu wina, olimba m'mbali, moti ngakhale abooke galimoto imayendabe. Ananenanso zina zambiri, koma Chingerezi chake chinali cha m'mphuno, ndipo ine mtima unali kale pa chiwongolero. Ndinkangovomera ndi mutu. Safunsa anadya phula, abale. M'buti munalibe sipeya, ine osadabwa n'komwe.

Ndiye matama akewo! Ku tchalitchi, pa maliro, pa bawo, aliyense ndinkamuuza kuti matayala anga saphwa. M'mawa ndinkachita zimene madalaivala tonse timachita, kuzungulira galimoto n'kumamenya tayala lililonse ndi nsonga ya nsapato. Likati gu, basi ulendo. Ndimenye liti, onse anali gwa, atayima bwinobwino. Kanyali kena kachikasu katayamba kuyaka pafupi ndi chiwongolero ndinangomatapo kapepala ka vesi kuti kasamandisowetse mtendere. Pomwetsera mafuta sindinkalola aliyense kuyandikira ndi geji yoyezera mpweya.

Apongozi anga ankakhala ku Mtandire, ndipo msewu wakumeneko mukuudziwa. Tsiku lina m'dzinja ndinagwetsa tayala lakutsogolo kumanzere m'dzenje lodzaza madzi, mpaka mano anagundana. Kuyambira pamenepo galimoto inkakokera kumanzere. Ine m'malo mokaonetsa, ndinangozolowera kulimbitsa mkono.

Amene anaona vuto ndi akazi anga, a Nabanda. Iwo ankasesa pabwalo ndisanatuluke, ndiye galimoto ikadutsa pa dothi losesalo inkasiya mapazi ooneka bwino. M'mawa wina anandiitana kuti ndidzaone. Matayala atatu anadinda mizere yawo yonse, koma lakumanzere lija linadinda mbali yakunja yokha, mbali yam'kati ili see ngati padutsa botolo. Iwo anati, "Bambo a Chikondi, tayalali likutha mbali imodzi ngati nsapato ya munthu wotsimphina. Kaonetseni." Ine ndinalimenya ndi nsapato, linati gu, ndipo ndinawayankha kuti aliyense asamale zake, iwo tsache, ine galimoto. Mawu amenewo amandiwotchabe mpaka lero.

Posakhalitsa kunabwera Abambo Nyirenda, oyandikana nafe nyumba, mkulu wa mpingo wochokera ku Rumphi. Mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, Tawonga, ankakwatiwa, ndipo anapempha kuti galimoto yanga inyamule mkwati ndi mkwatibwi kuchokera ku tchalitchi kwathu kukafika ku holo ku Kawale. Anachita kundigwira dzanja ndi manja awiri, amvekere akundisungitsa mwana wawo. Ndinavomera mokondwa. Galimoto ndinaitsuka, ndinaimanga maliboni, koma kugwada n'kusuzumira kuseri kwa tayala sikunandibwerere m'mutu.

Potuluka m'tchalitchi a Nabanda anandichititsa manyazi, mmene ndinkaonera nthawiyo. Tiana tomwaza maluwa tinali titakwera kale, tina titakhala pa mawindo miyendo m'kati, mitu panja, monga zimakhalira pa ukwati. Iwo anatitsitsa tonse n'kutikweza minibasi ya kwaya. Kenako anakhala okha mpando wakutsogolo, chikwama pamwendo, osafunsa munthu. Ndinawayang'ana ndi diso loipa, iwo maso kutsogolo.

Tinanyamuka mahutala ali pokopoko, nthungululu zili m'mwamba. Mukudziwa mmene mdipiti wa ukwati umayendera, galimoto kukhotera uku, kukhotera uko, msewu wonse kukhala wathu. Anyamata a m'galimoto za m'mbuyo ankandikuwiza kuti ndiwonjezere moto. Ndikati ndiponde, dzanja la a Nabanda lili pa bondo langa, "Pang'onopang'ono, bambo." Njira yonse nyimbo inali yomweyo, moti ndinapsa mtima zedi. Tikudutsa m'tauni ndinamva fungo la labala wopserera, koma ndinati ndi anthu akuwotcha zinyalala.

Pa mtsetse wolowera ku Kawale, pafupi ndi kamlatho, anthu anali ndanda m'mbali mwa msewu kuwombera m'manja. Ndinati ndiwasangalatse kamodzi kokha. Nditangokhotetsa, ndinamva phwaa, chiwongolero n'kundipulumuka m'manja. Galimoto inalunjika kumanzere, ine mabuleki, fumbi koboo. Pamene inaima, tayala lija linali lendelende pamwamba pa ngalande yakuya, pansi pali miyala. Kukanakhala kuti ndinkathamanga mmene ndinkafunira, tikanagudubuzikira momwemo. Nanga tiana tija tikanakhala pa mawindo? Sindifuna n'kuganiza komwe.

Nditacheuka ndinaona Tawonga atagwira pakamwa. Anamenyetsa nkhope pa mpando n'kudziluma mlomo, magazi akudontha pa chovala choyera.

Abambo Nyirenda anatsika galimoto ya m'mbuyo akuthamanga, jekete ili pambali. Ndinadikira khofi, ndipo akanandimenya sindikanabwezera. Iwo anatulutsa mwana wawo, anamugwira mutu, mapewa, manja, kumuyendetsa pang'ono kuti aone ngati akuponda bwino. Atatero anagwada pa msewu pomwepo ndi suti yawo n'kupemphera, anthu onse zipewa m'manja. Podzuka anabwera kwa ine nati, "Achimwene, mwandibwezera mwana wanga wamoyo. Pukutani nkhope, tiyeni ku holo." Ndinalira ngati mwana pamaso pa Kawale yense. Tawonga anakalowa m'holo pa galimoto ina, mlomo uli wotupa, koma anavina.

Lolemba lake ku galaja anavula tayala lija ine ndikuona. M'kati munali msomali wadzimbiri, ndi fumbi lakuda ngati la makala, labala atanyenyeka ndi kutentha. Mbali yam'kati inali itatha mpaka mawaya kuonekera. Anandiuza kuti dzenje la ku Mtandire linapotoza miyendo ya galimoto, ndiye tayala linkadyeka mbali imodzi. Msomali nawo unkatulutsa mpweya pang'onopang'ono mpaka unatheratu, koma poti m'mbali mwake ndi molimba, silinkaoneka lakuphwa. Kanyali kaja kankanena zomwezo. Tayala lotere likabooka limangokupatsa mpata woti ukafike pokonzetsa, mtunda waufupi, moyenda pang'onopang'ono. Ndikhulupirira ndi zimene bwana uja ankandiuza ine ndikugwedeza mutu.

Choncho inu owerenga, makamaka amene mukugula galimoto zochokera kunja, nsapato si geji. Yezetsani mpweya kawirikawiri, ngakhale tayala likuoneka lokhuta. Mukagwera m'dzenje galimoto n'kuyamba kukokera mbali, pitani akaiwongole miyendo. Gwadani, pisani dzanja kuseri kwa tayala, chifukwa kumene limathera n'kumene maso safika. Ndipo wina akakuuzani kuti waona chachilendo, musayambe mwafunsa ngati ali ndi laisensi.

Ndimathokoza Mulungu, ndimathokozanso Abambo Nyirenda amene sanandikumbutsepo za tsikulo mpaka anapuma ntchito n'kubwerera kwawo. Tawonga ali moyo, ali pa banja lake ku Biwi, ndipo akabwera kuno sadutsa osatilonjera. Kachipsera kali pa mlomo mpaka pano, ndipo akamaseka ndi ana ake kamaonekera. Akangotsanzika ine ndimalowa m'nyumba, kukapeza a Nabanda n'kuwauza kuti zikomo. Iwo amangondiyang'ana n'kufunsa kuti zikomo wa chiyaninso.