Mawu Achiwiri Muholo Muja

Tadala mnzanga, lero chakwana chaka chitisiyire. Ndakumbukira tsiku lija unachokera kuntchito kudera la Al Warqa kuno kunja kwa dziko lathu, tikuimba pachionetsero cha okonda makatuni, iwe ukundithira mang'ombe. Bambo wina wovala ngati chinjoka analira nayo nyimbo yathu, iwe n'kuphulika kuseka, nyimbo n'kusokonekera.

Masana ano ndinabwerera muholo momwemo ndekha ndi gitala. Tikuyesa zokuzira mawu, woyendetsa makina anakweza dzanja nati, "Habibi, m'bale wanga, uzani mnzanuyo atsitse mawu, akukuphimbani." Ndinacheuka, koma papulatifomu panalibe munthu wina. Atandifunsa ngati azimitse mawu enawo, ndinamuuza kuti ayi, awasiye. Tinamaliza nyimbo yonse, Tadala.